Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 9: Wilibala ya Bambo

Gawo lapita lija ndinalekezera pomwe ntchito inandithera ku Blantyre, n'kukwera basi ndi kachikwama kamodzi kubwerera kwa amayi ku Kawale. Munali mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, fumbi lili koboo mumsewu.

Poti ndinalibe chochita, ndinati ndikonze pabwalo. Kulikonse komwe ndinkayang'ana ndinkangoona zinyalala: wilibala yopanda tayala, simbi ya makala, malata akale otsamira kumpanda. Anyamata ogula zitsulo zakutha atadutsa, ndinawakodola. Tisanagwirizane n'komwe mtengo, amayi anatulukira kukhitchini, mthiko uli m'manja.

"Iwe, wayamba kugulitsa bambo ako?"

"Ayi amayi, izitu n'zakutha."

"Tagwira apa."

Anatenga dzanja langa n'kuliika pa chogwirira cha wilibalayo. Thupi lake lonse ndi dzimbiri lokhalokha, lokhakhala ngati khungwa, koma pamenepo chitsulo n'chosalala, chakuda bii, chonyezimira. Bambo anachoka ku Dedza ali mnyamata kudzagwira ntchito ya zomangamanga, nthawi yomwe boma la Kamuzu linkasamutsa likulu kuchoka ku Zomba. Mu 1975, Lilongwe atakhala likulu, iwo anali atayamba kale kuumba njerwa zawo Loweruka ndi Lamlungu. Njerwa iliyonse ya nyumba yathu inakwera wilibala imeneyi. Zikhatho zawo ndi zomwe zinapera chitsulocho mpaka kusalala chonchi. Ndinagwira nthawi yaitali, anyamata aja mpaka anatopa n'kumapita.

Kuyambira tsiku limenelo m'mawa uliwonse ndinkakhala pakhonde ndi kapu ya tiyi, n'kumangoyang'ana. Dzimbiri la pamalata si la mtundu umodzi ayi. Pena n'lofiira ngati katondo, pena lachikasu, ndipo m'mizere momwe madzi a mvula ankatsika ladera ngati nyemba zokazinga. Dzuwa likapendeka, kuwala kumadutsa m'zibowo za misomali n'kugwa pansi timadontho timadontho, anapiye n'kumatijompha.

Koma chomwe chinandigwira mtima kwambiri ndi mtondo. Unang'aluka mbali imodzi ndisanabadwe, bambo n'kuumanga ndi waya kawiri, ndipo wayayo walowa m'thupi la mtengo moti simungamusololenso. Kunsi chiswe chinalawako. Mlomo wake wapendekera mbali yomwe amayi amaima posinja, ndipo mkati mwasalala ngati m'mbale, mtundu wake ngati uchi. Chimanga chimapita kuchigayo masiku ano, koma nsinjiro ndi chigwada amayi salola kuti zidutse kwina. Mukaweramira mkatimo mumamva fungo la mtedza wa zaka zonsezi. Ine ndimati palibe chinthu chokongola kuposa chimenechi chomwe ndinachionapo m'masitolo a ku Old Town.

Madzulo ena ndikuwathandiza kupeta, ndinayang'ana manja a amayi pa lichero: makwinya, mitsempha yotukuka, chipsera cha mbaula pachala chachikulu. Ndinachita manyazi ndi mawu anga aja akuti zakutha.

Mvula yoyamba itagwa mu Novembala, tinathira dothi ndi manyowa a nkhuku muwilibala muja, amayi n'kufesamo mpiru. Unamera pasanathe sabata. Tsiku lomwe tinathyola ndiwo zoyamba ndi lomwe ndinalandira foni yondiitana ku Kanengo, koma imeneyo ndidzakusimbirani m'gawo lotsatira.