Za msonkho wa zogula pa intaneti ku America, zomwe ndatolapo pa mlandu wa Wayfair

Pa kosi ya zamisonkho yomwe ndikupanga tafika pa gawo la America ndipo ndati ndilembe pano mutu usanayambe kusakaniza, mwina alipo anzanga ena a akaunti amene ziwathandize.

Kwathu kuno nkhani ndi yachidule, VAT ndi imodzi, wotolera ndi MRA, kaya wagula ku Karonga kaya ku Nsanje peresenti yake ndi yomweyo. Ku America kulibe VAT ya dziko lonse. Ma state 45 (zigawo za dzikolo zomwe zimapanga malamulo awoawo) kuphatikizanso Washington DC amadula msonkho wawowawo pa zogula, wotchedwa sales tax, pomwe asanu alibe: Delaware, Montana, New Hampshire, Oregon ndi Alaska (ngakhale ku Alaska matauni ena amadula yawoyawo). Ndiye pamwamba pa state pamabweranso mizinda ndi ma county, aliyense kuwonjezera kake, mpaka madera odula msonkho oposa 10,000 m'dziko limodzi. Funso lake nali: mayi wa ku South Dakota waoda sofa pa intaneti ku kampani ya ku Boston ngati Wayfair, ilibe shopu, ilibe wantchito olo mmodzi ku South Dakota. Msonkhowo atolere ndani?

Chomwe chandigwira mtima kwambiri n'choti msonkhowo unalipo kale, sunachoke tsiku ndi limodzi lomwe. Ukagula katundu kunja kwa state yako wogulitsa osadula msonkho, lamulo limati iweyo wogula udzilembe wekha n'kukapereka ku boma, amautcha use tax, peresenti yake yofanana ndi sales tax. Tangoganizani, munthu wagula nsapato zafika pakhomo, wavala, ndiye akhale pansi adzaze fomu yodzinenera yekha kuti ndili ndi ngongole ndi boma. Ndi anthu ochepa zedi amene ankachita zimenezo. Ndiye mkangano wonse wa zaka 50 sunali woti msonkho ukhalepo kapena ayi, unali woti kodi state ingakakamize kampani ya kutali kuti ikhale wotolera wake. Ukangomvetsa pamenepa zinazo zimayamba kulowa zokha.

Nkhaniyi inayamba intaneti kulibe. Mu 1967 khothi lalikulu la America linaweruza mlandu wa National Bellas Hess, kampani ya ku Missouri yomwe inkatumiza makatalogu n'kumagulitsa kudzera pa positi, ndipo linati Illinois singaikakamize kutolera msonkho chifukwa inalibe ofesi kapena antchito kumeneko. Mu 1992 zinabwereranso ndi Quill, kampani yogulitsa zipangizo za mu ofesi, motsutsana ndi North Dakota, khothi n'kubwereza mfundo yomweyo kuti popanda kupezeka ndi thupi, kaya shopu, kaya nyumba yosungira katundu, kaya wantchito, state ilibe mphamvu pa iwe. Chifukwa chake chinachokera mu konsitichushoni, gawo lomwe limapatsa Congress, nyumba ya malamulo ya dziko lonse, mphamvu pa malonda a pakati pa ma state, kuti state imodzi isamalemetse amalonda a state ina. Panthawiyo zinali zomveka ndithu. Koma 1992 Amazon inali isanabadwe, inayamba mu 1994, ndipo anthu a ku America amene anali ndi intaneti sankafika olo 2 peresenti.

Zotsatira zake zinali ngati za pamsika: amene ali mkati akudula tikiti ya khonsolo tsiku lililonse, mnzake wayala kunja kwa mpanda sakudula kalikonse ndipo akugulitsa motsikirako mtengo. Mashopu a m'matauni ankangoona anthu akubwera kudzayesa katundu kenako n'kukaoda pa foni.

Ma state sanakhale chete, anayesa njira zokhotakhota. New York mu 2008 inati ngati pali anthu a mu state muno amene amakutumizira makasitomala kudzera pa malinki awo n'kumalandira komishoni, basi uli muno. Colorado mu 2010 inati chabwino usatolere, koma uziwuza makasitomala ako kuti ali ndi ngongole ndipo uzitipatsa mayina awo. Pa mlandu wa lamulo la Colorado limeneli mu 2015 jaji Anthony Kennedy wa khothi lalikulu lija analemba poyera kuti nthawi yakwana yoti chigamulo cha Quill chiwunikidwenso, kunena kwina anaitana yekha kuti tibweretsereni mlandu. South Dakota inamva. Mu 2016 inapanga lamulo loti aliyense wogulitsa katundu woposa $100,000 pachaka mu state imeneyi, kapena kugulitsa maulendo 200, azitolera msonkho olo asanapondeko phazi. Ankadziwa bwinobwino kuti lamuloli likusemphana ndi Quill, analipangira dala kuti likafike kukhothi lalikulu. Ndipo iwowa zimawapweteka kuposa ena chifukwa South Dakota sidula msonkho pa malipiro a anthu, bajeti yake imatsamira pa sales tax, amati ankataya pakati pa $48 miliyoni ndi $58 miliyoni chaka chilichonse.

Pa 21 June 2018 chigamulo chinatuluka, majaji 5 kwa 4, South Dakota yawina motsutsana ndi makampani ogulitsa pa intaneti a Wayfair, Overstock ndi Newegg. Kennedy yemweyo ndi amene analemba, ndipo anawakumbutsanso a Wayfair kuti pa webusaiti yawo ankadzitama okha kuti ubwino wogula kwa ife ndi woti sitidula sales tax. Kuyambira apo chofunika si thupi, ndi kuchuluka kwa malonda ako mu state imeneyo, m'mabuku amati economic nexus. Kagawikidwe ka majaji nakonso kanandisangalatsa, Ginsburg anali mbali imodzi ndi Thomas, Alito ndi Gorsuch, anthu amene sankagwirizana kawirikawiri, pomwe Breyer, Sotomayor ndi Kagan anatsatira mkulu wa majaji John Roberts potsutsa.

Ngati muli ndi nthawi yowerenga mbali imodzi yokha, ine ndinganene kuti werengani ya John Roberts. Sanaikire kumbuyo Quill ayi, anavomera kuti mfundo yakaleyo inali yolakwika, koma anati wokonza akhale Congress osati khothi, chifukwa amene avutike ndi amalonda ang'onoang'ono. Zitsanzo zake ndinaseka ndekha: ku New Jersey ulusi wolukira juzi sudulidwa msonkho koma wopangira zokongoletsa umadulidwa, ku Illinois chokoleti cha Twix ndi cha Snickers zili m'magulu osiyana a msonkho chifukwa imodzi muli ufa wa tirigu. Amazon zimenezi sizimawopsa, ili ndi maloya ndi mapulogalamu a pakompyuta, ndipo inali itayamba kale mu 2017 kutolera mu ma state onse odula msonkho pa katundu wake. Koma mayi woluka zipewa pakhomo pake n'kumatumiza uku ndi uku, azitsata bwanji zonsezi?

Maganizo anga, Kennedy ananena zoona pa chilungamo, sizikanatheka kuti shopu ya pakona izidula mnzake wa mabiliyoni osadula. Koma zomwe Roberts ankaopa zinaoneka ndithu, makamaka pa ka 200 kaja. Tawerengani nokha, zinthu 200 za $5 chimodzi ndi $1,000 basi, ndiye munthu akalembetse, azitumiza mafomu, mwina kulipira wa akaunti ndalama yoposa phindu lake. South Dakota yomweyo inachotsa malire a 200 mu 2023, ma state enanso ambiri achita chimodzimodzi. Malire a ndalama nawo safanana, California ndi Texas ndi $500,000, New York imafuna $500,000 komanso kugulitsa koposa maulendo 100, zonse ziwiri. Florida inayamba kukakamiza ogulitsa a kutali kutolera msonkho mu 2021, Missouri ndiyo inatsekera mu January 2023. Chomwe chapepuza anthu kwambiri ndi malamulo oti nsanja zogulitsira pa intaneti ngati Amazon, eBay ndi Etsy zizitolera m'malo mwa ogulitsa ang'onoang'ono amene ali pamenepo, komanso mgwirizano wa Streamlined Sales Tax womwe ma state 24 anafananitsa matanthauzo a katundu ndi kalembetsedwe. Akuluakulu aja, California, Texas, New York, Florida, mulibemo.

Ife zikutikhudza pati? Achibale amene ali ku South Bend ku Indiana akakugulira laputopu pa intaneti risiti ibwera ndi 7 peresenti pamwamba, chifukwa pa zogula zochokera ku state ina msonkho umatsatira adiresi yomwe katundu akupita, osati komwe kampani ili. N'chifukwa chake makampani ambiri otumizira anthu katundu kunja amaika nyumba zawo zosungira ku Delaware kapena Oregon. Katunduyo akafika kuno za MRA ndi nkhani ina payokha. Komanso malamulo amenewa sayang'ana pasipoti, wogulitsa ali ku Lilongwe kapena Johannesburg akadutsa malire a state inayake ayenera kulembetsa ngati wina aliyense.

Asayimenti yomwe tapatsidwa ndi ya kampani yongopeka yogulitsa mu ma state angapo, mbali ina pa webusaiti yake mbali ina kudzera pa Amazon, tipeze komwe iyenera kulembetsa. Msampha uli poti ma state ena amawerengera zogulitsa za pa Amazon pa malire aja pomwe ena ayi, ndiye anzanga musangotenga totala imodzi n'kuyika paliponse.