Zikomo nonse amene mwandifikitsa pa limba

Abale ndi alongo a mumpingo mwathu kuno ku Mulanje, ndi ena nonse amene mumandiwerenga pano, zotsatira za mayeso anga a nyimbo zatuluka ndipo ndakhoza. Lamulungu lapitali abusa analengezanso kuti seshoni yandivomereza kukhala woyimba limba komanso kwayamasitala, ndipo pakutha pa mwezi ndizilandirako kangachepe. Nthawi ya zolengeza sichedwa kutha, choncho ndinangoimirira, kunena zikomo, n'kukhala pansi. Ndati ndilembe pano mofatsa, chifukwa pa setifiketi pali dzina langa lokha pamene oivutikira ndi ambiri. Mayina sinditchula poti ena mwa inu munandiletsa, koma mudzizindikira nokha.

Ndiyambe ndi agogo athu amene akhala pa limba la mpingo uno kuyambira ine ndisanabadwe. Limba lawo linali lija lopopa ndi mapazi, losafuna magetsi, lomwe nthawi ya chiperoni makiyi ake amafufuma ndi chinyezi n'kumakanirira pansi. Agogo ankayenda ndi kampeni m'thumba kokwezera kiyi yokanirira, ndipo ankachita zimenezi dzanja linalo likupitiriza nyimbo, mpingo osadziwa kanthu. Ndiwo anandiphunzitsa solofa, d r m f s l t, polemba ndi makala kuseri kwa vesitili. Solofa ameneyu anamufalitsa ku England ndi m'busa wina dzina lake John Curwen m'zaka za m'ma 1800, ndipo kuno anafika ndi amishoni pamodzi ndi mabuku a nyimbo. Mpaka lero kwaya zambiri za kumudzi zimayimba mawu anayi bwinobwino chifukwa cha iyeyu. Agogo, simunalandirepo ngakhale tambala pa ntchito imeneyi, koma inu ndi amene munaimirira mu seshoni n'kunena kuti wobwera pambuyo panu asadzagwire ulele. Zikomo kwambiri.

Limba lija linatha ndi chiswe, mpingo n'kugula kiyibodi. Nayonso inapita mu Malichi 2023, pamene namondwe wa Freddy anagumula mbali ina ya tchalitchi, matope n'kudzaza mkati. Pamenepo panalibe woganiza za kiyibodi. Anthu anali kufunafuna abale awo, ena akugona m'makalasi a pasukulu, ndipo kwaya inkangoyenda maliro ndi maliro, kuyimba pakamwa pokha. Zinthu zitayamba kukhazikika, amayi a Mvano ndi amene anati tchalitchi tikakonza koma nyimbo zisafe. Anagulitsa nanazi, zitumbuwa ndi nthochi pa Chitakale, anapanga Paper Sunday yawoyawo, mpaka ndalama inakwana kiyibodi ina, n'kutsalako ina imene anati ikhale ya thiransipoti yanga yopitira kukaphunzira ku Blantyre. Amayi anga inu, ena mwa inu nyumba zanu zinali zisanafoleredwe n'komwe. Mawu oti ndikuthokozereni nawo akundichepera.

Aphunzitsi anga a ku Blantyre, inu ndiye munandiwawitsa mutu, ndipo ndikuthokoza chifukwa cha mutu womwewo. Tsiku loyamba anamata selotepi pa batani la transpose, lija timadina anyamata a kiyibodi kuti nyimbo iliyonse tiziyimbira mu C kapena mu F. Anati woyimba limba wa mpingo ayenera kusuntha nyimbo ndi zala zake, chifukwa tsiku lina adzakhala pa limba lopanda batani. Chifukwa chake n'chomveka kwa aliyense amene anakhalapo pa mapemphero a mamawa mu Juni kuno kwathu: nyimbo yolembedwa pamwamba, anthu atangodzuka, kukuzizira, azibambo amangoyang'ana buku osatsegula pakamwa. Ukaitsitsa pang'ono, tchalitchi chonse chimalowa. Anandichotsanso pa solofa yekha n'kundiika pa staff notation, manotsi a pa mizere isanu. Mu solofa doh (d uja, notsi yoyambira) amasamuka malinga ndi kiyi, pamene pa mizere notsi iliyonse ili ndi malo ake osasintha, ndipo maso ayenera kuwerenga mizere iwiri nthawi imodzi, dzanja lamanja likunyamula sopulano ndi alito, lamanzere tena ndi besi. Pa limba lenileni besi imatsikira kumapazi, kumapedo, womaponda ndi chala komanso chidendene popanda kuyang'ana pansi. Ananditengeranso ku St Michael and All Angels, tchalitchi chija chomwe David Clement Scott ndi amisiri a kuno anamanga pakati pa 1888 ndi 1891, kuti ndikaone ndi maso limba la mapaipi.

Koma phunziro lawo lalikulu silinali la zala. Ankandiuza kuti ndiziyimba nawo mawu a nyimbo chamumtima, kuti pamene mpingo ukupuma, nane ndinyamule manja. Limba silitopa, silifuna kupuma, ndiye woyimba wosasamala amathamangitsa agogo mpaka wefuwefu, kapena amawalola kukoka nyimbo mpaka ndime yachitatu kukhala ngati ngolo yokwera chitunda. Ndinenepo maganizo anga apa, achinyamata anzanga musakwiye: ma beat ndi ma intro aataliatali ali ndi malo ake pa chikondwerero cha kwaya, koma pa nyimbo ya mpingo, anthu akasiya kuyimba n'kumakumvera iwe, ntchito yakukanika.

Mayeso amene ndalemba ndi a ABRSM, bungwe la ku London lomwe limayesa nyimbo kuyambira giredi 1 mpaka giredi 8. Ndakhoza giredi 5 ya theory, yomwe ndi malamulo a kalembedwe ndi kawerengedwe ka nyimbo, ndi giredi 5 ya piyano. Ya theory ndi imene imatsegula khomo, chifukwa popanda iyo kapena ina yofanana nayo salola kulemba giredi 6 kupita m'mwamba. Masiku ano imalembedwa pa kompyuta, kamera ikukuyang'ana, ndipo ya piyano ndinachita kujambula kanema wa nyimbo zinayi motsatizana osadula. Apa ndithokoze achimwene aja a ku Luchenza amene anandibwereketsa laputopu ndi chipinda chawo, n'kugula bandulo ya intaneti, n'kukhala pakhomo kuletsa ana kusewera pafupi mpaka nditamaliza. Ndalama ya mayeso, yomwe imawerengedwa mu ndalama zakunja, analipira ndi amalume anga a ku Johannesburg. Amalume, munandifunsa ngati nyimbo zimadyedwa, koma mawa lake munatumiza ndithu.

Za kutsogolera kwaya ndinakazitola ku Thyolo. Mnzanga wa mpingo wa Seventh-day Adventist cha ku Makwasa, kufupi ndi mishoni ya Malamulo yomwe a mpingowu akhalapo kuyambira 1902, ankandilola kukhala nawo pa pulakatisi ya kwaya yawo. Iwo amayimba popanda choimbira chilichonse, ndiye khutu lawo ndi lakuthwa. Kumeneko ndinaona mtsogoleri akupereka doh kamodzi kokha, kenako kwaya n'kumaliza ndime zonse osatsika ngakhale pang'ono. Ndinaphunziranso kuti tena akamasochera sumukalipira pagulu, umamuimika pakati pa awiri odziwa. Achimwene, tisiyana tsiku lopembedza koma mwandithandiza ngati m'bale wa bere limodzi.

Mayi anga ondibereka, amene mumadzuka kusanache kukathyola tiyi, mwadya nsima ya ndiwo zamasamba masabata ambiri kuti ine ndipeze ya minibasi. Anthu ankakuuzani kuti mwana wanu akutaya nthawi ndi zoyimbayimba m'malo mofuna ntchito ku esiteti. Simunawayankhe, ndipo simunandifunsepo kuti zidzatha liti. Kwa a kwaya, makamaka a alito amene ndakhala ndikukubwerezetsani mzere umodzi mpaka kuda, pepani ndipo zikomo. Kubwereza kokha sikutha, ndikuuziranitu.

Kwa abusa ndi akulu a mpingo, kangachepe kamene mwavomereza sikokwanira kudyetsa banja, ndipo ndipitiriza kuphunzitsa ana pasukulu kuti ndizipeza ya sopo. Komabe mwachita chinthu chimene mipingo yambiri sinayambe kuchiganizira. Ku Germany kuyimba limba ndi kutsogolera kwaya ya mpingo ndi ntchito yokaphunzira ku koleji n'kulembedwa ngati ntchito ina iliyonse. Johann Sebastian Bach anagwira ntchito yotere ku Leipzig kuyambira 1723 mpaka pamene anamwalira mu 1750, akuphunzitsa anyamata a kwaya ndi kukonza nyimbo za mapemphero, ndipo ankalipidwa. Kuno kwathu wofuna kuzama pa nyimbo atha kupita ku Yunivesite ya Malawi ku Zomba kapena ku Music Crossroads ku Lilongwe, koma akamaliza ambiri amalowera ku mabandi ndi ku masitudiyo, chifukwa ku tchalitchi amangouzidwa kuti Mulungu akudalitseni. Dalitso timalifuna ndithu, koma wa minibasi salandira limenelo.

Amayi a Mvano anandipatsa lamulo limodzi pondipatsa ndalama ija, loti zimene ndikaphunzire ndisazisunge ndekha. Choncho kuyambira Loweruka likubwerali, 2 koloko masana, ndiziphunzitsa solofa ndi kiyibodi ku vesitili, kwaulere, kwa ana ndi achinyamata a mpingo uliwonse. Makolo, tumizaninso atsikana, chifukwa pa limba timangoonapo anyamata okhaokha. Mwana abwere ndi kope ndi pensulo. Kiyibodi ndi imodzi, azisinthana, ndipo pa batani lija ndamatapo kale selotepi.