Zikomo kwa amene munaimira mayi anga m'ndege

Tafika bwino kwathu ku Kasungu, koma mtima sukhala pansi ndisanathokoze anthu awiri achilendo.

Tinkachokera ku Johannesburg komwe mayi anakachitidwa opaleshoni ya bondo. Pokwera ndege, bambo wina wonunkha mowa anayamba kuwakalipira poti ankachedwa kukhala pampando. Akuti agogo ngati amenewa bwenzi atakwera basi. Kenaka anakankha ndodo yawo ndi phazi. Ine mawu anandithera, manja akungonjenjemera.

Inu achemwali ogwira ntchito m'ndegemo, zikomo. Simunakweze mawu. Munatola ndodo ija, n'kugwada pafupi ndi mayi kuwapepesa, ngati kuti wolakwa ndinu. Kenaka munauza bamboyo kuti mowa sapatsidwa ulendo wonse, ndipo akapitiriza, woyendetsa ndege adziwitsa apolisi a pabwalo la Kamuzu tisanatere. Munthu uja anangoti zii mpaka ku Lumbadzi.

Nanunso achimwene a jekete lakuda, amene munasiya mpando wanu kuti mayi atambasule mwendo, n'kutinyamuliranso chikwama mpaka pagalimoto, Mulungu akudalitseni. Mayi akuti mukamadzadutsa mu M1 mudzaime pa Kasungu, akusungirani ndowa ya mtedza.