Giza wandiphunzitsa za mapaipi

Abale amene mukumanga nyumba, sabata ino ndaona zakuda. Pulambala woyamba amene ndidamuitana adalumikiza giza, thanki yotenthetsera madzi ija, ndi paipi ya pulasitiki ya PVC. Sipanapite nthawi, paipi yapindika ngati nthochi, madzi chuchuchu m'denga, siling'i yonse yafufuma.

Amene ndamuitana dzulo wandimasulira bwinobwino. PVC ndi ya madzi ozizira ndi otaya basi, monga ya 110mm ya kuchimbudzi kapena ya 50mm ya pasinki. Kutentha kukapitirira madigiri 60 imayamba kufewa, ndipo ikakhalitsa padzuwa imauma n'kumasweka ngati chigoba cha dzira.

Pa madzi otentha waika PPR, paipi ya pulasitiki yobiriwira ija. Imeneyi samata ndi guluu ayi, amaiotcha ndi kamakina mpaka zidutswa ziwiri zigwirane kukhala chimodzi. Kopa ndi yabwinonso, koma mtengo wake eee, komanso akuba amaikonda kwabasi.

Zandikumbutsa yachitsulo ya kunyumba kwa agogo. Titaidula, mkati munali dzimbiri lokhalokha, kabowo kotsala ngakhale chala sichikanalowa. Kani n'chifukwa chake m'mawa madzi ankatuluka ofiirira!

Yokwirira pansi kuchokera pa mita ya madzi ndagula yapulasitiki yakuda ya HDPE. Sichita dzimbiri, ndipo imapindika osasweka.