Mamita atatu pamwamba pa mbewu

Pa zonse zimene ndakhala ndikuwerenga zokhudza ngozi za ndege, mutu wa ndege zopopera mankhwala m'minda ndi umene wandidyera nthawi yambiri. Ntchitoyi ndi yakale ndithu. Mu Ogasiti 1921, John Macready anaulutsa ndege ya Curtiss Jenny pafupi ndi tauni ya Troy, ku Ohio m'dziko la America, n'kuwaza mankhwala a ufa pamitengo ya catalpa imene mbozi zinkaidya masamba. Ngakhale kampani yaikulu ya ndege ya Delta Air Lines inachokera ku kampani yowaza mankhwala m'minda, ya Huff Daland Dusters.

Kuopsa kwake ndinakumvetsa nditachita masamu pakope. Ndegeyi imadutsa mamita pafupifupi atatu pamwamba pa mbewu, kuopa kuti mphepo ingaulutsire mankhwala m'munda wa eni. Ikamathamanga makilomita 220 pa ola, pa sekondi imodzi imakhala yadutsa mamita 61. Ndiye woyendetsa akaona waya wamagetsi ali pamtunda wa mamita 200, watsala ndi masekondi atatu basi oti azindikire, asankhe kudutsa pamwamba kapena pansi, n'kukoka chiwongolero. Vuto lina n'lakuti waya suoneka bwino kumbuyo kwake kukakhala mitengo kapena dzuwa likamathobwa m'maso. N'chifukwa chake oyendetsa amaphunzitsidwa kusakasaka mapolo, nyumba ndi mapampu a madzi, chifukwa pamene pali zimenezi waya sasowapo. Ndege zambiri zimakhala ndi mipeni yodulira waya pamiyendo ya matayala, komanso chingwe chochokera pamwamba pa chipinda cha woyendetsa kukafika kumchira, choti waya atsetserekepo m'malo modula mchirawo.

Chimene chandizunguza mutu n'chakuti ambiri amawomba waya amene ankamudziwa kale. Anamuona pozungulira munda asanayambe, anamulumpha maulendo angapo, koma pomalizitsa m'mphepete mwa munda, maso ali pa GPS (kachipangizo kosonyeza pamene ndege ili) ndi pa mankhwala otsala, wayayo wachoka m'mutu. Ine ndikuona kuti apa kutopa ndiye gwero, osati kuperewera kwa luso. Nyengo ya ntchitoyi ndi yaifupi, alimi onse amafuna ndege sabata imodzimodzi, ndipo woyendetsa amayamba mbandakucha mphepo isanadzuke. Lipoti la 2014 la NTSB, bungwe lofufuza ngozi zapaulendo ku America, lomwe linaunika ngozi 78 za ndege zaulimi za mu 2013 ku America, zimene zinapha anthu 10, linatchula kutopa ngati limodzi mwa mavuto akuluakulu.

Pokhota paliponso msampha. Kumapeto kwa mzere uliwonse ndege imakwera, kutembenuka n'kubwerera, ndipo aliyense amafuna kufupikitsa nthawi imeneyi poti sipopera kanthu. Koma ndege ikapendekeka madigiri 60, mapiko amasenza kulemera kowirikiza kawiri, ndipo liwiro limene imafunika kuti isaleke kuyandama limakwera ndi 41 peresenti. Wonjezeranipo katundu (Air Tractor AT-802 imanyamula mankhwala okwana malita pafupifupi 3,000) ndi kutentha kwa masana kumene kumapepukitsa mpweya. Phiko likangotaya mphamvu pamenepo, malo oti ndege iwongokerenso palibe. Pali chotsegulira chotayira mankhwala onse m'masekondi ochepa, koma nachonso chimafuna dzanja lifikepo nthawi ikadalipo.

Nkhani ya nsanja zoyezera mphepo yokha inandikwiyitsa. Malamulo a FAA, bungwe loyang'anira za ndege ku America, ankafuna kuti nsanja yopitirira mafiti 200 ndiyo ikhale ndi zizindikiro, choncho makampani ankaimika zawo zoperewera pang'ono pamenepo: zoonda, zotuwa, zomangidwa ndi zingwe zosaoneka, ndiponso zotheka kuimika tsiku limodzi m'dera limene dzulo munalibe kanthu. Mu Januwale 2011, woyendetsa ndege yopopera ya mtundu wa S-2R anafa atawomba nsanja ya mafiti 198 pafupi ndi Oakley, ku California. Lamulo la dziko lonse la America lolamula kuti nsanja zotere zakumidzi, za mafiti 50 mpaka 200, zizikhala ndi zizindikiro linadutsa mu 2016, patapita zaka zisanu.