Mpweya umene umathandiza mbewu kupirira mchere

Alimi a mthirira ku Chikwawa ndi Nsanje, mchere woyera umene umatuluka pamwamba pa dothi uja si wamasewera. Chimanga chimayamba kuchepa zokolola mchere ukapyola 1.7 dS/m (muyeso wa kuchuluka kwa mchere m'dothi), mpunga ukapyola 3. Sodium, amene amapezeka mu mcherewo, akadzadza m'mizu amathamangitsa potaziyamu, chakudya chofunika cha mbewu, mbewu imalephera kumwa madzi, ndipo masamba amapsa m'mphepete ngakhale munda uli wonyowa.

Chimene chimandisangalatsa n'chakuti mbewu imadzipangira yokha timipweya totumiza uthenga. Nitric oxide amalimbikitsa timapampu ta pakhungu la selo kuti titulutse sodium kunja, wina n'kumutsekera m'kathumba ka m'kati mwa selo. Hydrogen sulfide, wonunkha ngati dzira lowola, amathandiza muzu kusunga potaziyamu ndi kudzutsa ma enzyme, mapuloteni ochotsa poizoni wobwera ndi mcherewo.

Ofufuza amaviika mbewu mu sodium nitroprusside, mankhwala otulutsa nitric oxide, osungunulidwa m'madzi pa mlingo wochepa wa pafupifupi 0.1 mM, zisanafesedwe. Mankhwalawa akachuluka mizu imapinimbira. Amawonongeka padzuwa, komanso amatulutsa poizoni wotchedwa cyanide, choncho musayese kunyumba chonde. Kumunda, kumbani ngalande zotulutsa madzi, ndipo nthawi zina thirirani mopyola kuti mchere utsike pansi pa mizu.