Zimene ndikuphunzira pokonzekera kujambula zovala mumzinda wachilendo

Kuno ku Nchalo, kumene ndikuphunzira ntchito yojambula zithunzi, dzuwa timalidziwa ngati mnansi wathu. Chigwa chathu n'chotambalala, nyumba zosanja zotchinga kuwala palibe, ndipo aliyense amadziwa kuti mu Okutobala ndi Novembala, pamene kutentha kumapitirira madigiri 40, ntchito yapanja iyenera kutha dzuwa lisanakwere. Amayi ena osoka zovala atandipempha kuti tikajambule madiresi awo a chitenje ku Blantyre, ndinaona kuti zonse zimene kwathu kuno ndimangozidziwa osaziganizira, kumeneko ndiyenera kuzifufuza mwadala ndi kuzilemba m'kope, chifukwa mzindawo ndimaudziwira pa depoti ya minibasi basi.

Choyamba chimene ndakhala ndikuwerenga ndi kayendedwe ka dzuwa. Popeza dziko lathu lili kum'mwera kwa ikweta, mu Juni dzuwa la masana limapendekera kumpoto, pomwe mu Disembala limadutsa pafupifupi pamutu, chakum'mwera pang'ono. Zimenezi zikutanthauza kuti khoma limene munthu analiona lowala bwino m'nyengo yozizira likhoza kukhala mumthunzi nthawi ya dzinja. Komanso kuwala kofewa kwa m'mawa ndi madzulo, kumene ojambula amakukonda, sikukhalitsa m'maiko otentha ngati lathu, chifukwa dzuwa limakwera ndi kutsika mofulumira. Ku Blantyre nkhaniyi imakulirakulira, pakuti mzindawo uli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,000 ndipo wazunguliridwa ndi mapiri a Michiru, Ndirande ndi Soche. Phiri kapena nyumba yaitali ikhoza kubisa dzuwa nthawi yake yolowa isanakwane, ndipo pulogalamu ya pafoni monga PhotoPills, ngakhale imasonyeza bwino mbali imene dzuwa lidzakhale, siingauze munthu za mtengo wa jakaranda umene waima pakona.

N'chifukwa chake ndatsimikiza kuti malo ayenera kuyendedwa ndi miyendo tsiku lojambula lisanafike, pa ola lenileni limene tidzajambule. Ena amati zithunzi za pa Facebook ndi mapu a Google n'zokwanira, koma ine sindikugwirizana nawo. Chithunzi cha munthu wina sichinena kuti pamalopo pamaima magalimoto kuyambira m'mawa, kapena kuti ogulitsa malonda amayala katundu wawo pakhonde lomwelo.

Pali chiperoni. Ife a kuchigwa timachimva m'nkhani, koma pakati pa Meyi ndi Ogasiti chimatha kuphimba Blantyre ndi nkhungu ndiponso mvula yowaza kwa masiku angapo. Mitambo yopyapyala ndi yabwino kwa wojambula chifukwa imafewetsa mithunzi ya pansi pa maso, ndipo mitundu ya chitenje imaoneka yokhuta, koma mtsikana wovala diresi lopanda manja amene wakulira ku Ngabu sangamwetulire akunjenjemera. Malo aliwonse amene ndasankha ndikuwapezera ena apafupi okhala ndi denga.

Pa kasankhidwe ka malo ndi pamene ndakhala nthawi yaitali. Tchalitchi cha St Michael and All Angels, chimene chinamangidwa pakati pa 1888 ndi 1891 motsogozedwa ndi m'busa David Clement Scott, chili ndi njerwa zofiira zoyalidwa mwaluso kwambiri, ndipo Mandala House ya mu 1882 ili ndi makhonde aatali amene amapereka mthunzi wofanana ponseponse. Komabe ndaphunzira kuti malo okongola kwambiri akhoza kumeza chovala. Chitenje cha maluwa ambiri chikaima patsogolo pa njerwa zokongoletsedwa, diso limasowa pogwira, ndipo amene wataya ndi telala amene anatopa ndi kusoka. Nsalu yotere imafuna khoma lachete la mtundu umodzi, pomwe diresi loyera kapena la mtundu umodzi ndi limene lingapirire njerwa zija. Amayi aja sakugulitsa mzinda wa Blantyre, akugulitsa msoko wawo, choncho kolala, mapindiro ndi kagwedwe ka nsalu ziyenera kuoneka. Pa khungu lakuda ndi nsalu yowala, kamera imanyengeka n'kudetsa nkhope, ndiye ndikuyeserera kuyeza kuwala pa nkhope ndi kubwezera kuwala pang'ono ndi katoni yomata pepala loyera.

Chilolezo ndi nkhani ina imene kwathu sitiizolowera, popeza kuno kupempha kumathera pa moni kwa mwini malo kapena kwa amfumu. Mumzinda, tchalitchi chili ndi akuluakulu ake, sitolo ili ndi mwini wake, ndipo mlonda wa pageti alibe mphamvu yovomera zimene abwana ake sanamuuze. Kupempha kuyenera kuchitika nthawi ilipo, makamaka mwa kalata, ndipo tsiku la Sabata kapena la ukwati si tsiku lojambulira zovala pabwalo la tchalitchi. Malo a asilikali, a polisi ndi nyumba ya chifumu ya Sanjika ndikuwatalikira ndithu. Anthu odutsa mumsewu nawonso sanapemphe kulowa m'chithunzi cha malonda.

Zotsalazo n'zazing'ono koma zikhoza kuononga tsiku lonse. Zovala zikakwera minibasi kudutsa pa mlatho wa Kamuzu ndi kukwera mapiri a pamsewu wa M1 zimafika zitakwinyika, choncho tidzagona kwa achibale a amayiwo kuti tidzasite usiku, mabatire tidzatchaje tisananyamuke, ndipo tidzayambe ndi malo amene dzuwa limafikako msanga. Chimene amayiwo anaumirira, ndipo anali ndi chifukwa chomveka, ndi malo aulemu osinthira zovala. Anandiuza kuti: "Achimwene, ana a eni awa sangavule kuseri kwa galimoto." Pa mndandanda wanga, malo atatu amene ndinawakonda ndawachotsa chifukwa cha mawu amenewa, ndipo mlungu wamawa ndikukwera kukafunsa kwa eni masitolo oyandikana ndi malo otsalawo ngati angatibwereke chipinda.